Chigamba cha a Pompano

Ine ndine telala, ndipo ndinabadwa ndi mtima wosakhazikika. Ndikagula nsalu yofiira ndimasirira yobiriwira imene ili m'manja mwa mnzanga. Ndikakwera basi iyi ndimaona ngati yabwino ndi imene yangodutsayo. Ndiye onani tsoka langa: kwa zaka zambiri ndinagwira ntchito khomo loyandikana ndi munthu amene sankasirira kanthu kalikonse pansi pano.

Nyumba imene tinkachita lendi inali yosanja, yakalekale, yoyang'ana kumsewu wa magalimoto. Pansi panali chipinda changa chosokeramo. Pamwamba panali chipinda chachikulu cha ojambula zithunzi. Pambali pa chipinda changa pankakwera masitepe a simenti, ndipo kunsi kwa masitepewo kunali kamphako kopendekeka, koti munthu wamtali sangaimemo chilili. Mmenemo ndimo munkakhala a Pompano, osoka nsapato. Khoma limene linkandilekanitsa ndi iwo ndi lomwelo limene linanyamula masitepe onse.

Dzina lawo lenileni linatayika kalekale, mwina mayi a kunyumba kwawo okha ndiwo ankalikumbukira. Ili la Pompano anadzipatsa okha mosadziwa. Ukawafunsa kumene apezeke mawa, ankati, "Pompano." Nanga chaka chamawa? "Pompano." Tsiku lina wina anawafunsa mwanthabwala kumene akufuna kukaikidwa akadzafa. Iwo anasuzumira pansi pa benchi yawo ngati akuyeza malo, anthu n'kufa nacho chiseko. Ine sindinaseke.

Anabwera mumsewu umenewu ali mnyamata wopanda ndevu, kudzaphunzira ntchito kwa mkulu wina amene ankasoka m'kamphako komweko. Mkuluyo atamwalira, iwo anangosuntha pang'ono, kuchoka pa chitini chimene ankakhalira n'kukhala pa benchi. Ndikuganiza kuti umenewo ndiwo ulendo wautali kuposa yonse umene anayendapo. Anakwatira ali pamenepo, ana anabadwa ali pamenepo, imvi zinawapeza pomwepo. Fakitale ina ya nsapato inawatumira munthu kuti akakhale kapitawo wa anyamata osoka. Iwo anathokoza mwaulemu, kenaka n'kumufunsa munthuyo ngati akudziwa kuti chidendene cha nsapato yake yakumanzere chadyeka. Mwana wawo wamkazi, amene ndi namwino, anawachonderera kuti awamangire kachipinda kowala bwino kunyumba kwake.

"Mwanawe, kumeneko ndikakhala mlendo," anamuyankha choncho. "Kuno ngakhale mphemvu zimandidziwa."

Kamphako kawo kanali kaudongo kuposa chipinda changa, zimenezo sindingakane. Nsapato zodikira zinkalendewera pa misomali kudzanja lamanzere, zotha kusoka kudzanja lamanja. Patsogolo pawo panali chitsulo chokhomerapo, nyundo, kampeni kakuthwa ngati lezala, chitini cha guluu, ndi singano zobayidwa pa kachidutswa ka mphira. Pamwamba pang'ono, pamene masitepe ankapendekera, anapachikapo kawailesi kamene ankaimba nako limodzi ndi mawu oipa kwambiri. Cha m'ma teni ankathira tiyi m'kapu yachitsulo, n'kunyema buledi, n'kutambasula miyendo mpaka zala zitulukire padzuwa.

"Mayi telala," ankandiitana, "tatulukani mudzaone dzuwa lafika."

"Dzuwa lomweli la dzulo, bambo?"

"Lomwelo. Silinatitaye."

Zinkandinyansa. Ndinkabwera m'mawa nditatupa ndi nkhani za kunyumba, za mwamuna wanga amene sakonza denga, za akasitomala ofuna diresi lero pamene nsalu abweretsa lero lomwe. Iwo ankamvetsera ulusi uli kukamwa, n'kugwedeza mutu, mapeto ake n'kundifunsa ngati ndadya. Ndikati ndadya, ankati, "Ndiyetu zili bwino." Ndinkafuna kuwagenda ndi sizasi. Koma madzulo ndikamatseka, ndinkawaona akusesa timphira tawo, akupukuta zida chimodzichimodzi, nkhope ili phee ngati ya khanda loyamwa bwino, ndipo nsanje inkandigwira. Mtendere umenewo ine sindinaulawepo.

Mavuto anayamba pamene kuseri kwa nyumba yathu kunabwera makina okumba. Ena ake ankamanga chinyumba chachitali, ndiye anakumba chidzenje chakuya pafupi penipeni ndi maziko athu. Makinawo akamagunda pansi, mapini ankavina patebulo panga. Dzinja litafika chidzenjecho chinadzaza madzi, ntchito inaima, ndipo madziwo anakhala pamenepo mpaka kuchita ndere.

Oyamba kuthawa anali ojambula zithunzi. Chitseko chawo chinayamba kukana kutsekeka. Anachipala ndi puleni, patapita milungu n'kuyambiranso kukana. Kenaka galasi la zenera lawo linasweka lokha masana, popanda wogenda mwala. Mkulu wawo anatsitsa katundu tsiku lomwelo. Akudutsa pakhomo panga atasenza nyali zake zojambulira anaima n'kunena motsitsa mawu, "Mayi, nyumba iyi ikuyenda. Ine ndili ndi ana."

Ine ndinayamba kuyang'ana makoma. Mbali yanga khoma la masitepe linali lobisika ndi kabati yaikulu ya nsalu yokhomerera, imene ndinaipeza momwemo. Koma pansi pa kabatiyo ndinkasesapo mchenga m'mawa uliwonse, mchenga wosalala woti sunabwere ndi mapazi a munthu. Ndiye tsiku lina ndinalawirira kuposa masiku onse, ndipo ndinapeza a Pompano atagwada m'kamphako kawo, nsana kumsewu, nsapato zonse atazitsitsa pa misomali.

Khoma linali litang'aluka kuchokera pansi mpaka pamene linakumana ndi masitepe. Mng'aluwo unali wokhotakhota, wakuda, woti chala changa chikanalowamo. Ndipo a Pompano anali kalikiliki kuusoka. Sindikunena mophiphiritsa ayi. Anali atadula timizere ta mphira ya tayala, akutipaka guluu mbali zonse, akudikira kuti guluuyo aume pang'ono monga amachitira ndi soli, kenaka n'kumatikhomerera mumng'alumo ndi nyundo. Pamwamba pake ankamatapo phala la guluu losakaniza ndi fumbi la khoma lomwelo, n'kusalaza ndi mpeni. Pouma ankakwecha ndi sandipepa, n'kupaka laimu, kenaka n'kutenga kansanza ka polishi n'kudetsa pang'ono kuti pafanane ndi litsiro la khoma lonse.

"Bambo, mukutani?"

Anatembenuka akumwetulira, ngati munthu wopezedwa akukonzera mnzake mphatso. "Layasama pang'ono, mayi. Limalowetsa mphepo, komanso fumbi limagwera pa nsapato za eni ake. Ndikungolitseka pakamwa."

"Mwayamba liti zimenezi?"

"Chiyambireni mvula. Likatsegula ndimatseka. Taonani apa, mungaloze pamene ndinamata mwezi watha?"

Sindikanatha kuloza. Ndicho chimene chinandiopsa kwambiri. Munthu ameneyu moyo wake wonse anaphunzira chinthu chimodzi, chakuti chong'ambika chimasokedwa, ndipo wosoka weniweni ndi amene chigamba chake sichioneka. Khoma analitenga ngati nsapato yaikulu chabe.

"Khoma si nsapato, bambo! Limeneli lanyamula masitepe, ndipo masitepewo ali pamutu panu."

"Akhala ali pamutu panga chiyambire ndili mnyamata. Tikudziwana."

Ndinapsa mtima. Ndinapita kwa eni nyumba, amene tonse tinkawatchula kuti a Mawa chifukwa chilichonse ankati achita mawa. Anandimvetsera akutokosa m'mano, n'kunena kuti abwera mawa. Ndinaimbira foni namwino uja. Anabwera atavala yunifolomu, analira, anagwada pa simenti pamaso pa bambo ake. Iwo anamupukuta misozi ndi chala chakuda ndi polishi n'kumuuza kuti achedwa kuntchito. Mayi a kunyumba kwawo ananditumizira mawu akuti iwo anatopa kale, mwamuna wawoyo ngakhale moto utabuka amayamba wamaliza kaye nsapato ili m'manja.

Mudzafunsa kuti nanga ine ndinkadikira chiyani. Ndinkafunafuna chipinda china, koma mumsewu umenewo munalibe, ndipo telala akasamukira kutali akasitomala samutsatira. Ndinangokokera makina anga pafupi ndi khomo, n'kumasoka phazi limodzi lili panja. Kenaka ndinapita ku khonsolo. Ndinapitako mobwerezabwereza mpaka alonda a pageti anayamba kundipatsa moni wa pachibale, ndipo pamapeto pake ananditumizira mkulu wina woona za nyumba.

Anabwera masana, bambo wathupi, wa chisoti cholimba ndi tochi m'manja. A Mawa, amene mawa lawo linali lisanafikepo, tsiku limenelo anafika msanga. Mkuluyo anakwera pamwamba, anayang'ana chitseko, a Mawa n'kumuuza kuti ndi matabwa otupa ndi mvula. Anatsika n'kuwerama pakhomo pa kamphako.

"Bambo, pali vuto lililonse muno?"

"Ine sindikudandaula, bwana," anatero a Pompano. Ndipo sananame, chifukwa sanadandaulepo chibadwire.

"Amata ndi guluu!" ndinakuwa ine. "Khomalo ndi long'aluka, amata ndi mphira ndi guluu!"

Mkuluyo anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi. "Mayi, khoma limamatidwa ndi guluu?"

Anaunika ndi tochi. Khoma linali losalala, lakuda mofanana paliponse, nsapato zikulendewera mwadongosolo. Anandiuza kuti ndiloze. Ndinalowa chokwawa n'kuyamba kukanda ndi sizasi pamene ndinkakumbukira. Ndinakanda pulasitala weniweni. Ndinakanda pena, chimodzimodzi. Anthu anali atasonkhana pakhomo, ena akuseka. A Mawa ananena mokweza kuti azimayi ena akafuna kutsitsiridwa lendi amayamba kulota masana. Ndinayang'ana a Pompano kuti anene kanthu. Iwo anali ataweramira nsapato, ndipo pakona pa mlomo wawo ndinaonapo kakunyada. Ntchito yawo inali itapambana mayeso pamaso pa bwana wa tochi.

Ndinatha sabata osawalankhula. Iwo ankandiitanabe kuti ndidzaone dzuwa.

Popeza a khonsolo anali atanena kuti nyumba ilibe vuto, a Mawa anapeza wolowa pamwamba mosavuta. Lolemba lina ndikubwera ndinapeza zithunzi za njovu ndi mabaluni zitamatidwa m'mbali mwa masitepe. Inali sukulu ya mkaka. Ndinakwera kukaonana ndi aphunzitsi ake, mayi wachitsikana wa mawu okoma, n'kuwauza zonse. Anandimvetsera mwaulemu, n'kunena kuti eni nyumba anawachenjeza kale za ine.

Ndiye ana anayamba kubwera. Tiana ta zikwama zazikulu kuposa misana yawo, tokwera masitepe ndi miyendo ndi manja omwe. M'mawa tinkakwera mothamanga, masana tinkatsika mothamanga, ndipo pakati pa tsiku tinkaimba nyimbo zodumpha tonse pamodzi. Tikadumpha, nyumba yonse inkayankha. Kabati yanga inkalira ngati bedi lakale. Mchenga wa pansi pake unasiya kukhala wosesa ndi tsache, ndinayamba kuwola ndi fosholo yaing'ono.

Masiku oyamba a Pompano anakondwa. Munthu wosoka nsapato amadziwa anthu ndi mapazi, ndipo sipanatenge nthawi kuti adziwe mwana aliyense ndi mayendedwe ake pamwamba pa mutu wawo. "Ameneyo ndi uja wa nsapato zazikulu za mkulu wake," ankatero osadzutsa mutu. "Uyu akubwerayu amakoka phazi lamanja, lamba wake waduka." Madzulo ankaitana makolo n'kuwakonzera timalamba. Ana anayamba kuwatchula kuti agogo a pansi.

Koma khoma linkamveka kwa ine, ndipo ndinkadziwa zimene zinkachitika kuseri kwake. Kale nyundo yawo inkagogoda khoma mwa apo ndi apo. Kenaka inayamba kugogoda Lolemba lililonse. Kenaka m'mawa uliwonse, ana asanafike. Matayala akale anayamba kuwunjikana pakhomo pawo, ndipo timizere timene ankadula tinasiya kukhala topyapyala. Tsiku lina ndinawaona akupinda soli yathunthu ya jombo pawiri n'kulowa nayo mkati.

Kapu yawo ya tiyi anayamba kuivundikira ndi chivindikiro cha polishi. Kawailesi kankalirabe, koma kankaimba kokha. Ana akayamba kudumpha, singano inkaima m'malere, iwo n'kukweza maso kuyang'ana simenti imene inali pamwamba pawo, mpaka nyimbo ithe. Nthawi yoweruka ankatuluka n'kukaima m'munsi mwa masitepe, manja ali m'mwamba ngati wapolisi wa pamsewu.

"Pang'onopang'ono, azukulu anga. Osathamanga. Agogo mutu ukuwapweteka."

Ndinawapeza tsiku lina masana atangokhala, nsapato ili pamwendo, osaigwira. Mkwiyo wanga unali utasanduka mantha okhaokha, moti ndinalankhula mofatsa.

"Bambo, mukuona zimene ndikuonazi?"

"Mvula ikatha liuma, likhazikika," anatero. Koma sanandiyang'ane.

"Inu mukhoza kufera pompano ngati mukufuna, ndi moyo wanu. Nanga awa anasankha?"

Iwo anati, "Mayi telala, ine sindinapemphepo kanthu. Sindinafune nyumba yosanja, sindinafune galimoto, sindinalande cha munthu. Ndinangofuna kamalo aka, koti ngakhale galu sangakalimbirane. Kodi pamenepanso ndalakwa?"

Chisoni chinandigwira, chifukwa zimene ananenazo zinali zoona, komanso mchenga unali ukuyoyokera paphewa pawo pamene ankalankhula.

Chimene chinawadzutsa chinachitika Lachinayi m'mawa, dzuwa lili bwinobwino. Pamwamba ana anali pa nyimbo yawo yodumpha. Ndinamva kulira kwina kumene ndinali ndisanakumvepo, kouma, ngati munthu wathyola nkhuni pabondo. Ndinathamangira panja. A Pompano anali chikhalire pa benchi, ndipo m'chitini chawo cha guluu munali mutagwera chibenthu cha simenti chachikulu ngati chibakera. Pamene chinachokapo, kunsi kwa sitepe, pankaoneka chitsulo chadzimbiri chitapindika. Pamwamba nyimbo inkapitirira.

Anaimirira, anavula epuloni, anavala jekete yawo imene inkangokhala pa msomali chaka chonse. Zaka zonse zimene ndinakhala nawo ndinali ndisanawaonepo akuchoka pamalopo dzuwa lisanalowe.

"Kwerani mukawauze aphunzitsi kuti ana akhale pansi, asadumphe, asatsike," anandiuza. "Muwauze kuti ndanena ndine. Ku khonsolo kuja amalowera khomo liti?"

Ndinawalozera njira, n'kukwera masitepewo monyang'ama. Aphunzitsi atamva kuti mawu achokera kwa agogo a pansi, nkhope inasintha. Anakhazika ana pamkeka kumbali yakutali ndi khomo n'kuyamba kuwasimbira nthano. Ine ndinatsika n'kukaima pamsewu. Sindikudziwa kuti ndinadikira nthawi yaitali bwanji. Galimoto yaikulu iliyonse ikamadutsa ndinkatseka maso.

Anabwera naye mkulu wa tochi yemwe uja, atamugwira dzanja ngati mwana wothawa sukulu. Mkuluyo ankaoneka wotopa nazo. A Pompano sanalankhule zambiri. Anatsitsa nsapato pa misomali, anatenga kampeni kawo, n'kukabaya pakhoma pamalo pamene ine ndikanalumbira kuti ndi pulasitala. Mpeni unalowa ngati mu buledi. Anadula kuchokera pamwamba mpaka pansi, mzere wokhotakhota umene ankaudziwa ngati chikhatho chawo, kenaka anakola ndi chala n'kuyamba kukoka.

Zinatuluka ngati matumbo. Mphira ya tayala, zikopa, malamba akale, masoli athunthu, zonse zomatana ndi guluu, zina zonyowa ndi zonunkha nkhungu. Ankakoka n'kumaunjika pamapazi pa mkuluyo, mulu n'kumakula. Kumbuyo kwake mchenga unayamba kutsika wokha osaleka, ndi kaphokoso ngati ka shuga wothiridwa m'mbale. Atamaliza anapisa dzanja mumng'alumo, ndipo linalowa mpaka m'chigongono. Njerwa za mbali imodzi zinali zitatsika kusiyana ndi zinzake.

"Ndi ntchito yanga imeneyi, bwana," anatero. "Mayiwa ankanena zoona. Tsiku lija ndinakusiyani mupite."

Mkuluyo sanayatse n'komwe tochi. Anabwerera m'mbuyo mpaka kutuluka m'kamphako. Anafunsa ngati pamwamba pali anthu. Nditamuuza kuti pali ana, anavula chisoti n'kuchivalanso.

Njira yotsikira inali imodzi yokha, masitepe omwewo. Wina anati tidikire ozimitsa moto abwere ndi makwerero, koma mchenga unali ukutsikabe, ndipo kamwala kena kanagwa tonse tikuona. Mkuluyo anati ana atsike pompo, mmodzimmodzi, motsamira mbali yakutali ndi khoma long'alukalo. A Pompano ndiwo anawonjeza kuti awavule nsapato, chifukwa mwana wovala nsapato amaponda mwamphamvu kuti amve kulira kwake, koma wopanda nsapato amanyang'ama.

Msewu wonse unali utaima. Ogulitsa malonda, oyendetsa njinga, anthu ongodutsa, onse anali duu, opanda wotsokomola. Aphunzitsi anaima pamwamba, a Pompano m'munsi, ndipo tiana tinayamba kutsika ndi masokosi, kamodzikamodzi, tikuganiza kuti ndi masewera atsopano. Kena kankaseka. Kena kanaima pakati penipeni n'kuyamba kufotokoza kuti kaiwala botolo lake la madzi.

"Bwera kaye kuno, mzukulu wanga," anatero a Pompano ndi mawu ofewa, thukuta likutsika m'khosi. "Botolo ndikakutengera ine. Ponda ngati mphaka. Eya, choncho."

Kalikonse kakafika pansi ankakanyamula n'kundipatsira, ine n'kukawolotsa msewu. Omaliza kutsika anali aphunzitsi, atakumbatira thumba la tinsapato, akulira mosatulutsa mawu. Masitepe sanagwe. Anangokhala pamenepo, akuyoyola mchenga wawo.

A khonsolo anazunguliza nyumba yonse ndi chingwe chofiira. Anyamata a mumsewu anandithandiza kukoka makina anga, amene mwamwayi anali kale pakhomo. A Pompano anawalola kulowa kamodzi kokha, mwachangu. Sanayambe ndi zida zawo. Anayamba ndi nsapato za eni ake, kenaka benchi, chitsulo chokhomerapo ndi bokosi la singano. A Mawa anafika mochedwa akutukwana, n'kuwaloza chala kuti awagwetsera nyumba ndi mpeni.

Makolo anabwera kudzatenga ana, anthu anabalalika, ndipo tinatsala awiri tsidya lina la msewu, pakhonde pa sitolo ya eni ake, katundu wathu ali mbwee. Ndinali nditapambana mlandu umene ndinaulimbikira nyengo yonse ya mvula, koma mumtima munalibe chokoma chilichonse. Namwino anali ataimba kuti akubwera ndi galimoto akaweruka. A Pompano anandanda nsapato m'mphepete mwa khonde, zodikira kumanzere, zotha kumanja, n'kukhala pa benchi moyang'ana kamphako kawo. Kuchokera tsidya lino kankaoneka kakang'ono zedi, kabowo kakuda chabe kunsi kwa masitepe. Ndinadabwa kuti moyo wonse wa munthu unakwanamo.

"Mwachita bwino, bambo," ndinatero.

Anatola nsapato ina ya bambo wina amene analonjezedwa kuti aipeza yotha madzulo, anaiika pabondo, n'kutenga singano ndi ulusi. Ananyowetsa ulusi ndi malovu, n'kulozetsa pa diso la singano. Unaphonya. Anayesanso, unaphonyanso. Manja amene ankapisa ulusi mumdima wa kunsi kwa masitepe osayang'ana n'komwe anali akunjenjemera poyera, padzuwa. Anayesa mpaka nsonga ya ulusi inanyenyeka.

Kenaka anatembenukira kwa ine, maso ali jenjenje, n'kunditambasulira singanoyo.

"Mayi telala, tandipisiraniko. Kunoku kwawala kwambiri."

Ndinawapisira, ndipo ndinakhala nawo pakhondepo mpaka galimoto inabwera.